Magiya a thirakitala yakale akamakukuta mano

Chaka chilichonse mvula ikangokhazikika mu Disembala, tiyi n'kuphukira mpaka othyola kusowa popumira, kuno ku Thyolo kumamveka phokoso lina lomwe ife ozolowera timalizindikirira patali. Khrrr! Ukamva choncho kutsidya kwa khwawa umangodziwa kuti thirakitala yapatsidwa dalaivala watsopano. Kawirikawiri amakhala mnyamata wa laisensi yake yabwinobwino, woti minibasi ya pakati pa Limbe ndi Luchenza amaiyendetsa ndi dzanja limodzi, koma lero wapeza ndodo ziwiri pakati pa miyendo, zonse zopanda nambala, ndiye akuzikankha ngati chitseko chotupa ndi mvula.

Nanenso ndinadzera momwemo. Anandiphunzitsa ndi atsibweni anga pa Massey Ferguson 135 yomwe inkatuta nkhuni za bulugamu kupita kufakitale. Kampira ka pamwamba pa ndodo yaitali, komwe pamayenera kukhala chithunzi cha magiya, kanali katasowa kalekale, ndipo wina anangovekapo chidutswa cha paipi yamadzi. Tsiku loyamba nditaikukutitsa katatu, atsibweni anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Mwana iwe, chitsulochi n'chachikulu kuposa iwe. Ukachikakamiza chikuthyolera chala." Ankanena zaka zake, osati kukula kwake kokha. Mathirakitala a 135 ankapangidwa ku Coventry, ku England, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndiye amene akuyendabe m'minda ya tiyi ndi makadamiya kuno ali ndi zidzukulu.

Pa zonse zomwe ndaona zikutchedwa kuti "giyabokosi yafa", zenizeni zofunika kung'amba thirakitala pakati n'zochepa. Zambiri zimakhala kuti woyendetsa sakudziwa pomwe giya iliyonse ili, kapena wabwera ndi dzanja la galimoto, kapena pali kachitsulo kakang'ono kamene kadyeka. Tiyambe ndi zosafuna sipanala.

Kiyi akuzungulira koma kuli zii, kapena yalira koma sikusuntha

Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi: ndodo yaifupi. Pa Massey wakale ndodo yaitali ndiyo ya magiya enieni, 1, 2, 3 ndi rivesi. Yaifupiyo ili ndi malo atatu okha mumzere umodzi: mbali ina L, mbali ina H, pakati S. L ndi mayendedwe amphamvu koma apang'onopang'ono, H ndi aliwiro. Mukaphatikiza ndodo ziwirizi mumapeza magiya 6 opita kutsogolo ndi 2 obwerera m'mbuyo. Pa Massey 290, komanso pa 375 ndi 385 omwe amapangidwa ku Pakistan ndipo afika ambiri masiku ano, ndodo yaitali ili ndi giya ya 4, choncho amakhala 8 ndi 2. Ford 5000 nayonso ndi ya ndodo ziwiri, kungoti iyo amaiwerenga mopitiriza, malo a 1 ndi omwewo a 5, a 2 ndi omwewo a 6, mpaka 8.

S uja ndi pomwe pali swichi yoteteza. Ndodo yaifupi ikapanda kukhala pamenepo, sitata silandira moto ngakhale batire likhale latsopano. Ndiye musanayambe kugogoda mitu ya batire ndi mwala, igwedezeni ndodoyo ikhale pakati penipeni, muyesenso. Pa thirakitala yokalamba nthawi zina pamafunika kuigwira ndi dzanja lina uku mukupotokola kiyi, chifukwa yayamba kusewera.

Injini ikalira, munthu amalowetsa 1, kusiya klatchi, thirakitala ili njo. Apa ndi pomwe ambiri amatuluka thukuta. Palibe chafa, mwangoiwala kuchotsa ndodo yaifupi pa S. Mphamvu ya injini imadutsa mwa ndodo zonse ziwiri, imodzi ikakhala pakati matayala salandira kanthu. Ndinaonapo mnyamata atatumidwa pa njinga kukatenga makaniko ku Bvumbwe chifukwa cha zimenezi. Makaniko uja atafika anangokankha kandodoko ndi chala chimodzi, n'kulandira yake ya ulendo.

Pali chizolowezi china chomwe ndimadana nacho, choliza injini pogunditsa sukuludiraiva pa sitata munthu ataima pansi. Mukatero mwailambalala swichi ija. Malo omwe mumaima pochita zimenezi ndi kutsogolo kwenikweni kwa tayala lalikulu lakumbuyo, ndipo ngati wina anaisiya m'giya, dizilo akangogwira thirakitala imanyamuka nthawi yomweyo. Swichi ikafa gulani ina ku Limbe, si ya ndalama zoopsa.

Nambala zinafufutika, ndiye giya iti ili pati?

Poyamba palani. Tengani kansalu ka parafini mupukute chivundikiro cha giyabokosi pomwe pamera ndodozo, komanso pa dashibodi. Pa mathirakitala ena nambala zinaumbidwa pachitsulo pomwepo kapena pali kambale kachithunzi, kungoti zinakwiririka ndi girizi wosakanikirana ndi dothi lofiira lathuli. Mukazipeza mwapulumuka, komabe muziyese, chifukwa mathirakitala ambiri akuno ndi ophatikiza: injini ya uyu, giyabokosi ya uyo, bonati la winanso. Nambala yolembedwa pabonati isakupusitseni.

Mukapanda kupeza kanthu, musafunse kwa munthu amene amayendetsa thirakitala ina. Akuuzani za yakeyo ndi mtima wonse, inu n'kukagunda nazo khoma. Ifunseni thirakitala yomweyo. Zimatenga theka la ola.

Pezani malo athyathyathya, opanda ana, opanda ngolo kumbuyo. Kuno malo otere ndi osowa, koma bwalo la mpira lilipo pafupifupi mudzi uliwonse. Injini ili chizimire, ikani ndodo yaifupi pa S, mupondereze klatchi, kenako muisewere ndodo yaitali. Ikakhala pa nyutulo imayenda momasuka kumanzere ndi kumanja. Kankhirani kumanzere mpaka pothera, muyese kutsogolo, mubwerere pakati, muyese kumbuyo. Chitani chimodzimodzi kumanja. Mukatero mudziwa kuti ili ndi tinjira tingati. Tiwiri ndiye kuti ndi ya magiya 6. Titatu ndiye kuti ndi ya 8, ndipo kanjira kamodzi kamakhala kolowa mbali imodzi yokha. Jambulani tinjirato pa katoni, malo aliwonse olowa muike kabokosi kopanda kanthu.

Tsopano lizani injini, kandodo ka mafuta ka pansi pa chiwongolero kakhale pa mafuta ochepetsetsa kuti injini izingoguguda. Khomani zikhomo ziwiri motalikirana mapazi 20. Lowetsani ndodo yaitali m'kabokosi kalikonse, yaifupi muikankhire mbali imodzi, musiye klatchi pang'onopang'ono phazi lili chire kuti mupondenso. Ikanyamuka mwaulesi ngati bilimankhwe, mbali imeneyo ndi L. Ikadzuka modzidzimutsa, ndi H, ndipo pondani klatchi, imani, musinthire mbali inayo. Kusiyana kwake sikobisika, chifukwa pa Massey giya iliyonse mu H imathamanga kanayi kuposa giya yomweyo mu L. Lembani L ndi H pakatoni paja musanaiwale.

Kuyesa konse kotsala chitirani mu L. Kabokosi kalikonse muyende nako kuchoka pachikhomo china kufika pa chinzake, mnzanu akuwerenga masekondi pafoni, osakhudza kandodo ka mafuta. Komwe mwachedwa kwambiri ndi 1, kotsatira 2, choncho. Musadalire maso, chifukwa mu L kusiyana kwa 1 ndi 2 n'kochepa moti wina akhoza kulumbira kuti n'chimodzimodzi. Rivesi idziulula yokha, n'chifukwa chake kumbuyo kwanu kuzikhala kopanda munthu ngakhale mukuganiza kuti mukupita kutsogolo.

Chimodzi chomwe mudzachione pa Massey wa magiya 6 n'chakuti 1 ndi rivesi zili m'kanjira kamodzi, ina kutsogolo ina kumbuyo, ndipo 2 ndi 3 zili m'kanjira kenako. N'zabwino pokolekera ngolo kapena potembenuka kumapeto kwa mzere, dzanja limangopita uku ndi uku. Koma kwa wophunzira ndi msampha. Ine sabata yanga yachiwiri ndinasokoneza mbali ziwiri za kanjira kameneka nditaima pashedi yoyezera masamba, n'kubwerera m'mbuyo pomwe maso anali kutsogolo. Mzati wa shediyo unapindika, sikelo n'kugwa, amayi omwe anali pamzere ndi madengu awo n'kumwazikana. Palibe anavulala, koma dzina lomwe anandipatsa tsiku limenelo sindilitchula pano.

Mukamaliza, chithunzicho chisatsale pakatoni. Chilembeni ndi penti yoyera mkati mwa madigadi a kumanja kapena pa dashibodi, pomwe maso angafike munthu atakhala pampando. Ndipo kwa masiku angapo, m'mawa injini isanalire, yesezani ndi maso otseka: 1, rivesi, 2, 3, kubwerera pakati nthawi iliyonse. Usiku wa mvula mukuchokera kufakitale ndi nyali imodzi, pentiyo simudzaiona, dzanja ndi lomwe lidzakumbukire.

Ikukukuta nthawi iliyonse mukalowetsa

Apa ndi pomwe dzanja la minibasi limalakwa. M'galimoto muli timphete tomwe timafananitsa liwiro la magiya asanalumane, n'chifukwa chake mumatha kusintha mukuthamanga. M'mathirakitala akalewa mulibe zimenezo. Giya yonse imatsetsereka pa shafiti n'kukalowetsa mano ake m'mano a inzake. Ngati imodzi ikuzungulira, inayo ili chiimire, zotsatira zake ndi khrrr uja, ndipo kulira kulikonse ndi tizidutswa ta chitsulo tomwe tikugwera mu oyilo.

Choncho thirakitala yotere siyendetsedwa mokwera makwerero, 1 kenako 2 kenako 3. Mumasankha giya ya ntchitoyo muli chiimire, n'kunyamukira momwemo. Polima ndi pulawo m'dothi lofewa, 3 wa mu L amakwanira, amayenda pafupifupi makilomita 6 pa ola. Pamsewu muli opanda katundu mukhoza kunyamukira mu 3 wa mu H ndithu, injini yake ya Perkins imakoka. Mukafuna ina, imani kaye. Madalaivala akale amatha kusintha kuchoka pa 2 kupita pa 3 thirakitala ikuyenda, pomvetsera injini, koma amenewo atha nayo zaka makumi. Ndodo yaifupi yokha ndiye ngakhale iwowo saikhudza matayala akuzungulira.

Ngati mwaima koma ikukukutabe, onani zinthu izi motsatana. Kandodo ka mafuta mwakabweza pa mafuta ochepa? Ambiri amaiwala chifukwa anazolowera kuti ukachotsa phazi injini imatsika yokha, pomwe apa kandodoko kamakhala pomwe wakasiya. Kenako, mukaponda klatchi mukudikira? Werengani mumtima mpaka katatu kuti za m'kati zileke kuzungulira. Nthawi zina ndodo imakana mwakachetechete, osalira, osalowa. Pamenepo ndiye kuti dzino lakumana ndi dzino. Musalimbane nayo. Bwezani pa nyutulo, tukulani phazi pang'ono, pondaninso, ilowa ngati mpeni m'papaya.

Zonsezi mukachita koma osasintha, zimitsani injini muyese magiya onse. Akamalowa bwinobwino injini itazima, n'kumakana ikalira, giyabokosi ilibe mlandu. Vuto ndi klatchi, sikulekanitsa mokwanira. Kuyesa kumeneku n'kwaulere ndipo kwapulumutsa anthu ambiri kwa amakaniko ofulumira kumasula.

Klatchi ya mathirakitala ambiriwa ndi ya masitepe awiri. Mukaponda mpaka pakati mumamva polimba, pamenepo matayala aleka kulandira mphamvu koma shafiti yakumbuyo yozungulitsa zipangizo, yotchedwa PTO, ndi pampu ya hayidiroliki zikugwirabe. Mukapitiriza mpaka pansi nazonso zimaima. Posintha giya sitepe yoyamba imakwanira ngati zonse zili m'malo mwake. Yang'anani kusewera kwa chopondera: musanamve kuti chayamba kukankha kanthu, chiziyenda chabe pafupifupi sentimita imodzi pa 135. Kukachuluka, phazi limathera m'malere ndipo klatchi simasuka yonse. Kukasoweratu, beringi ya m'kati imangozungulira osapuma mpaka kupsa. Amakonzera pa boti yomwe yamanga chopondera ku shafiti yake, ntchito ya masipanala awiri. Ndipo phazi lisamagone pachoponderapo poyenda, pali popondapo pake.

Palinso matenda a kuno kwathu kwa chinyontho. Thirakitala ikakhala miyezi osayenda, makamaka kudutsa nyengo ya chiperoni cha Juni ndi Julaye, mbale ya klatchi imachita dzimbiri n'kumatirira ku chitsulo cha injini. Mumaponda mpaka pansi koma ngati simunaponde. Kuimatula kumafuna kuigwedeza thirakitala ili m'giya pamalo otakasuka, ndipo zimenezo asiyireni amene anazichitapo, chifukwa nthawi imeneyo imakhala yoti singaime ndi klatchi. Kupewa kwake n'kosavuta: mukadziwa kuti ikhalitsa, pondani klatchi n'kuipinga ndi kamtengo ikhale chipondereni, kapena muziiliza n'kuiyendetsa pang'ono sabata iliyonse.

Mukagwada n'kusuzumira pansi pa chigoba cha klatchi muona kabowo kali ndi kapini kolendewera. Kapiniko n'koti kabowoko kasatsekeke. Kagwedezeni. Pakamadontha oyilo wambiri ndiye kuti silo ina, kamphira kotchinga oyilo, yatha, ndipo oyiloyo akafika pambale, klatchi imayamba kuterereka kapena kugwira modzidzimutsa. Apa pokha ndiye palibe kuchitira mwina, thirakitala iyenera kugawidwa pakati.

Ndodo ikungogwedera, giya yakanirira

Ili ndiye vuto lomwe limabwerezabwereza pa Massey wokalamba, ndipo limasankha nthawi yoipa. Ine linandigwera ndili ndi ngolo yodzaza masamba, dzuwa likuswa mtengo, pomwe tiyi wothyola safuna kuchedwa, akaunjikana nthawi yaitali amatentha n'kuyamba kufiira. Ndinaima kuti ndichoke mu 2, ndodo n'kungobwera yopepuka ngati mthiko m'phala, thirakitala ikadali mu 2.

Chimachitika n'chiyani? Kunsi kwa ndodo yaitali kuli kamutu komwe kamalowa m'timipata ta tizitsulo tokankha magiya. Pa nyutulo timipata tonse timakhala pamzere umodzi, kamutuko n'kumadutsamo. Zaka zikamapita kamutu kamadyeka, kapini kogwira ndodo kuti isatembenuke nakonso kamadyeka. Ndiye mukasintha mothamanga, makamaka modula pakona m'malo mobwerera kaye pakati, kamutu kamatumphuka m'kampata kake kachitsulo kasanabwerere pa nyutulo. Giya yatsala m'kati, ndodo ili panja. Mukalimbikira kukankha mukhoza kulowetsanso giya yachiwiri, zonse n'kumangana, injini n'kumazima mukangosiya klatchi.

Kukonza kwake kwa pamsewu ndi uku. Zimitsani injini, mangani mabuleki, ikani miyala kumatayala. Pafupi ndi ndodozo pali chotsekera chachikulu pothirira oyilo wa giyabokosi. Pukutani bwino mozungulira musanatsegule kuti mchenga usagweremo. Walitsani ndi tochi, ndipo ngati ndi ya pafoni igwireni zolimba, pansipo pali oyilo wokwana pafupifupi malita 30. Muona tizitsulo tija, kamodzi katatsogola kapena kutsalira poyerekeza ndi tinzake. Mnzanu aponde klatchi, inu ndi sukuludiraiva yaitali yolimba mukakankhe kachitsuloko mpaka timipata tifanane. Mumva kuti tha. Ngati kakulimba, ndiye kuti kulemera kwa thirakitala kwapanikiza mano, igwedezeni pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo. Kenako ndodo ibwerera m'malo mwake.

Tsiku limenelo anandionetsa zimenezi ndi bambo wina wachikulire amene ankadutsa pa njinga atanyamula nthochi. Anatsika, kuyang'ana, n'kufunsa kuti, "Achimwene, muli ndi sukuludiraiva?" Mphindi zisanu sizinakwane. Pochoka anangoti, "Muzibwerera pakati kaye, musamadule njira." Anali atayendetsapo mathirakitala a ku esiteti ina ku Mulanje asanapume.

Koma kumeneko n'kuzimitsa moto chabe. Zikachitika kawiri, ndodoyo ichotsedwe. Wowotcherera waluso amawonjezera chitsulo pakamutu paja n'kukasula ndi tupa kuti kabwerere mwakale, kapena mugule ndodo ina pamodzi ndi kapini kake. Mukazengereza, mudzapezeka mukutsegula chotsekera chija katatu pa tsiku, ndipo ulendo uliwonse fumbi likulowa.

Giya ikutuluka yokha, ndodo zikulimba m'mawa

Ikamatumphuka yokha pokoka katundu, yambani mwadzifunsa ngati mukuilowetsa mpaka pothera. Giya yolowa theka imadya nsonga za mano, ndipo mano akasongoka amakankhana okha. Ngati mukulowetsa bwino, mwina tisipulingi togwira tizitsulo tija tafooka, zomwe n'zotchipa, kapena mano ndi maberingi zatha, zomwe si zotchipa. Kumangirira ndodo ndi chingwe cha labala, monga ndimaonera ena, kumangopititsa kudyekako ku foloko yokankha giya.

Za kulimba, sololani chitsulo choyezera oyilo wa giyabokosi muone mtundu wake. Akakhala ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Njira yake ndi malabala awiri ovundikira patsinde pa ndodo zija. Akang'ambika, thirakitala yogona panja imamwa mvula yonse yotsika ndi ndodo, ndipo aliyense wa kuno akudziwa mvula ya m'mphepete mwa phiri la Mulanje kuti sinyengerera. Oyilo yemweyo ndi amene amagwiranso ntchito mu hayidiroliki ndi mu akiselo yakumbuyo, ndiye madziwo amawononga zitatu nthawi imodzi. Khuthulani oyilo thirakitala ikadali yotentha, ndipo kumbukirani kuti pa 135 zotsekera zapansi ndi ziwiri, osati chimodzi. Zili ndi maginito. Tiufa tachitsulo pamenepo n'tachizolowezi, koma mukapezapo zidutswa zooneka ngati mpunga, pali dzino lomwe likuthothoka. Malabala atsopano si a ndalama zambiri. Pomwe mukudikira, chigubu chodula pakati chovundikira ndodo usiku chimathandiza.

Pamtsetse

Zonse ndanenazi zimawononga ndalama. Izi zokha zimapha. Dziko la Thyolo ndi lokwera ndi kutsika, ukachoka pa boma kulowera ku Makwasa ndi Thekerani ndiye osanena, ndipo tinjira ta m'minda ya tiyi mvula ikagwa timaterera ngati sopo. Thirakitala ya 135 imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, mabuleki ake ali kumatayala akumbuyo okha, ndipo ngolo zambiri zomwe timakoka zilibe mabuleki. Ngolo ya nkhuni zaziwisi imaposa thirakitalayo kulemera. Chomwe chimagwira zonsezi potsika ndi injini kudzera m'giya.

Ndiye giya yotsikira isankhidwe pamwamba, mutaima, ndipo ikhale yomwe mukanakwerera chitunda chomwecho ndi katundu yemweyo. Mukangoyamba kutsika, dzanja lichoke pandodo, phazi lichoke pa klatchi. Amene amaika pa nyutulo kuti apulumutse dizilo amaiwala zija tanena, kuti magiyawa salowa akuzungulira. Liwiro likakwera, palibe giya yomwe idzakulandireni, mudzangomva khrrr mpaka kumlatho. Kutsika mutaponda klatchi giya ili mu L nakonso n'koopsa mwa njira ina: matayala amazungulitsa mbale ya klatchi mopitirira muyezo mpaka ikhoza kusweka. Zopondera mabuleki ziwiri zija muzikolowanitse ndi kachitsulo kake musanalowe mumsewu, chifukwa mukaponda chimodzi muli paliwiro thirakitala imakhota pomwepo.

Tsono pali Massey ena, 135 ndi 165 ndi anzawo, omwe ali ndi kandodo kachitatu pa dashibodi kolembedwa Multi-Power, kokhala ndi High ndi Low. Musakasokoneze ndi H ndi L wa ndodo yaifupi. Aka kamasintha liwiro thirakitala ikuyenda, osaponda klatchi, ndipo kamachulukitsa magiya kufika 12 kutsogolo ndi 4 kumbuyo. Polima n'kabwino kwambiri, pulawo ikalemera mumangokatsitsa. Koma kakakhala pa Low injini sigwira matayala potsika, thirakitala imangoyenda yokha ngati njinga yomwe mwaleka kupalasa. Munthu akhoza kusankha giya yoyenera, kuchita zonse molondola, n'kuthawidwabe ndi ngolo chifukwa cha kandodo kameneka. Potsika pazikhala pa High nthawi zonse. Ndipo ngati mwapatsidwa thirakitala yachilendo yokhala nako, kayeseni pa kamtsetse kakang'ono muli opanda ngolo, chifukwa High amadalira mphamvu ya oyilo, ndipo pa mathirakitala otopa kandodo kakhoza kuloza High m'kati muli Low.

Multi-Power yemweyo ali ndi khalidwe lina lomwe limasokoneza ophunzira. Mukaima pachitunda ali pa High, thirakitala sibwerera m'mbuyo ngakhale mwaponda klatchi, koma ndodo yaitali imauma gwa, osatuluka m'giya. Si kukanirira kuja kofuna sukuludiraiva. Pondani mabuleki zolimba, tsitsani kandodoko pa Low, ndodo imasuka.

Injini ikazima oyilo alibe mphamvu, ndiye thirakitala yotere imakhala pa Low kaya kandodo kali pati. Kuisiya m'giya poimika sikuigwira, mangani mabuleki, tsitsani pulawo pansi ngati ilipo, ndi mwala kutayala. Pa chifukwa chomwecho siilira poikankha kapena poikoka ndi inzake, ngakhale muitane mudzi wonse. Batire likafooka, lichotseni mupite nalo kotchaja.